Thumba la pa Msomali

1. Kamatironi

M'wodi ya ana munali olamula awiri. Woyamba anali Sisita, mkulu wa anamwino, mayi wamtali amene nsapato zawo zinkamveka iwo asanatulukire. Wachiwiri anali kamtsikana ka zaka khumi kogona pa bedi la pa zenera.

Kamtsikanako kanabwera ndi chibayo, kakupuma mobanika, maso atalowa m'kati. Koma mankhwala atangoyamba kugwira, pakamwa panatseguka ndipo sipanatsekekenso.

"Amayi inu, mwana wanu wataya bulangete!"

"Adokotala, cholembera chanu mwasiyanso pa bedi langa. Mawa ndikulandani."

Azimayi odikirira odwala anamutcha Kamatironi, kutanthauza kabwana ka anamwino, ndipo dzinalo linamera mizu. Ngakhale adokotala ankati akafika pa zenerapo, ankayamba aima chilili n'kufunsa ngati wodi yagona bwino.

Womudikirira anali bambo ake, atelala. Mayi ake anamwalira iye akukwawa, choncho bambowo ndi amene ankamusambitsa, kumupesa tsitsi ndi kumuchapira. Anali mwamuna yekhayo pakati pa azimayi, ndipo azimayiwo sanawasiye. Ankawaitana kuti "amake Kamatironi." Iwo ankangoseka n'kupitiriza kusoka. Manja awo sankatha kukhala chabe. Nsalu za pa bedi zong'ambika ndi maneti obooka anazisoka zonse popanda wowatuma.

Mnzake weniweni wa Kamatironi anali Liwiro, mtsikana wa kusukulu ya unamwino amene anatumizidwa m'wodimo kuti aphunzire ntchito ndi manja. Dzinali anamupatsa ndi anamwino, chifukwa ukamutuma sankayenda, ankathamanga. Anali wamtima wabwino, waukhondo, wa manja ofewa pobaya.

Vuto lake linali limodzi. Munthu wamkulu akakweza mawu, mawu a iye ankathawira m'mimba. Kwawo ankati ndi ulemu, ndipo ankamuyamikira nawo. Koma tinene zoona, theka lake anali mantha.

"Anti Liwiro," ankatero Kamatironi, "ine ndikadzakula ndidzakhala bwana wanu. Mukadzathamanga m'khonde muno ndidzakuchotsani ntchito."

"Ndiye ndizidzadya kuti?"

"Kwathu. Muzidzathandiza adadi kusoka mabatani."

Liwiro ankaseka mpaka kugwira chitsulo cha bedi. Pa ana onse a m'wodimo, uyu ndi amene ankamuganizira akaweruka.

2. Amalume

Mwana aliyense wolandira mankhwala a mu mtsempha ankakhala ndi kanyula, kachubu kakang'ono kosiyidwa pa mkono kuti asamabayidwe tsiku ndi tsiku. Mankhwala akalowa, namwino ankatsatiza timadzi ta mchere totsuka kachubuko kuti kasatsekeke. Madzi amenewa amayenera kubwera m'timabotolo ting'onoting'ono. Kabotolo kamodzi n'ka mwana mmodzi, ukatsegula wagwiritsa ntchito n'kutaya.

Timabotoloto tinali titatha kalekale. Kosungira mankhwala ankangoti, "Tikudikira galimoto." Galimoto imeneyo palibe anaionapo.

Ndiye Sisita anapeza nzeru. Anatenga thumba limodzi la madzi a dripi n'kulikoleka pa msomali kuseri kwa chitseko cha chipinda cha mankhwala. Aliyense wofuna madzi otsukira kanyula ankabaya pakamwa pa thumbalo, n'kupopera m'sirinji, n'kumatapo pulasitala. Thumba limodzi linkatumikira wodi yonse mpaka litaphwa. Anamwino ankalitcha "amalume," chifukwa aliyense akasowa ankathamangira komweko. Mawodi ena ataona kuti nzeruyi ikuthandiza, nawonso anakhoma misomali yawo.

Zinthu zinkayenda ndithu. Kenako kunayamba zachilendo. Kamnyamata kena kobwera ndi mwendo wothyoka, kamene kanali katayamba kale kuimba ndi kusowetsa anthu mtendere, kanatentha thupi mwadzidzidzi n'kumwalira. Khanda lina limene linkayembekezera kutuluka nalonso linatero. Azimayi ananong'onezana kuti ndi malungo oipa a chaka chino. Adokotala anatenga magazi a anawo n'kutumiza ku labu, koma yankho la kumeneko silibwera tsiku limodzi.

Liwiro sankalikonda thumbalo. Akamaliyang'ana ankamva mawu a aphunzitsi ake a kusukulu, mayi wachikulire amene ophunzira ankawatcha Mayi Sambani, chifukwa moni wawo unali woti, "Mwasamba m'manja?" Tsiku loti ophunzira abalalikire m'mawodi, mayiwo anatseka chitseko cha kalasi n'kuima patsogolo pake.

"Ana anga," anatero, "ndimvereni bwino, chifukwa kumene mukupitako ine sindikakhalako. Khungu ndi mpanda. Inu mukabaya singano mwaboola mpandawo, ndipo chilichonse chili pa singanoyo mwachilowetsa m'nyumba mpaka kuchipinda. Mankhwala akumwa amadutsa m'mimba, ndipo m'mimba muli alonda. Mu mtsempha mulibe mlonda. Mlonda ndinu.

"Musakanamizidwe ndi madzi oyera. Mabakiteriya saoneka, sanunkha, sasintha mtundu wa madzi mpaka atachuluka zedi. Thumba la dripi likabooledwa ndi la munthu mmodzi, la tsiku lomwelo. Mukaliboola lero, mawa, mkucha, dzanja ili ndi dzanja ilo, mwakumba chitsime cha matenda pakati pa wodi.

"Mukapeza zinthu zikusowa. Mukapeza anthu otopa, amtima wabwino, odziwa ntchito kuposa inu. Akakuuzani kuti kuno timatere. Mukawalemekeze, pakuti ndi akulu anu. Koma dzanja logwira sirinji ndi lanu. Musakabwere kuno ndi misozi kudzandiuza kuti ndinangotumidwa."

Tsiku limenelo Liwiro anagwedeza mutu kuposa anzake onse. Kugwedeza mutu m'kalasi n'kosavuta.

3. Jakisoni womaliza

M'mawa wina adokotala anamvetsera chifuwa cha Kamatironi, kutsogolo ndi kumbuyo, n'kumwetulira.

"Bwana, chifuwa chayera. Jakisoni wa lero ndi womaliza. Tichotsa kanyula, mawa muzipita kwanu."

"Nanga wodi yanga musiyira ndani?" anafunsa Kamatironi.

Wodi yonse inaseka. Atelala anayamba nthawi yomweyo kupinda zovala, ngakhale kunali kudakali tsiku lathunthu. Ankapinda, n'kufunyulula, n'kupindanso. Mayi wa pa bedi loyandikana anati, "Amake Kamatironi, mutisiyire singano ndi ulusi, musatithawe nazo."

Sisita anaitana Liwiro kuti akapereke jakisoniyo. Mtsikana uja anakonza mankhwala, n'kupita kuseri kwa chitseko. Thumba linali litatsala madzi a pansi. Pulasitala wa pakamwa pake anali wonyowa, wakuda ndi zala za anthu, ndipo mbali imodzi inali itamatuka. Madziwo ankaoneka oyera bwinobwino.

Anaima pamenepo sirinji ili m'manja. Kenako anachita chinthu chimene anali asanachitepo. Anapita kwa Sisita.

Anawapeza atawerama pa khanda lotsegula m'mimba, akufunafuna mtsempha pa kamkono kofota.

"Sisita, thumba lija... mwina tikanatsegula latsopano."

Sisita sanadzutse mutu mpaka singano italowa. Atamata pulasitala anaweramuka n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwanawe, tabwera kuno. Ukuiona kabati iyo? Katsegule uone matumba amene atsalamo. Ukatero ubwere uone khanda ili. Madzi atha m'thupi mwake. Thumba limene iwe ukufuna kuboola chifukwa cha kachubu kamodzi ndi moyo wa mwana ngati uyu madzulo ano. Ine ndinayamba ntchito iwe usanabadwe. Ndaona ana akufa chifukwa chosowa dripi, ine nditaima pomwepo manja lende. Za m'buku ndimazidziwa, nanenso ndinakhoza mayeso. Koma buku silinagonepo m'wodi.

"Ndikuchenjeze ngati mayi ako. Mwana wa sukulu wobwera ndi chala cholozera akulu safika patali. Anabwera ena anzeru kuposa iwe, lero ali kuti? Pano mawu anga ndi amene adzanene ngati ndiwe namwino kapena ayi. Yamba waphunzira. Dziko udzalikonza ukadzakhala Sisita."

Sanakalipe. Analankhula motsitsa, motopa, ndipo sankanama. M'kabatimo munalidi matumba owerengeka.

"Chabwino, Sisita. Pepani," anatero Liwiro.

Njira zina zinalipo. Adokotala anali adakali m'wodimo, kumapeto kwa mzere wa mabedi. Akanatha kuwafunsa. Ndiponso kanyula wa Kamatironi anali woti achotsedwa tsiku lomwelo, moti kutsukako sikunali kofunika kwenikweni. Koma munthu wamantha saona njira, amangoona nkhope ya amene akumuopa. Liwiro anabwerera kuseri kwa chitseko, anamatula pulasitala uja, n'kupopa madzi.

Kamatironi anatambasula yekha mkono.

"Anti, manja anu akunjenjemera. Simunadye?"

"Ndadya."

"Ndiye fulumirani. Ine ndi munthu wotuluka, ndili ndi zambiri zochita."

Mankhwala analowa. Madzi a m'thumba anatsatira.

"Akuzizira," anatero mwana uja, akuseka.

4. Kunjenjemera

Dzuwa litangopendeka, mawu a atelala anang'amba wodi.

"Anesi! Anesi, tabwerani!"

Liwiro ndi amene anayamba kufika. Bedi lonse linkagwedezeka. Kamatironi anali atadzipinda, mano akugundana, milomo itachita mbuu. Atelala anamufunditsa bulangete lake, la eni bedi loyandikana, mpaka jekete lawo, koma mwana ankangoti, "Adadi, kukuzizira." Thupi lake linali moto.

Adokotala anabwera akuthamanga. Anamugwira pa mkono, anamutsegula zikope, n'kupumira m'mwamba.

"Uyu ndi wachitatu. Walandira chiyani lero?"

"Mankhwala ake a masiku onse," anayankha Sisita.

Adokotala anayang'ana Liwiro, pakuti ndi amene anapereka jakisoni. Mtsikana uja anagwedeza mutu kuvomereza. Za thumba lija sanazitchule.

Adokotala anatenga magazi, anasintha mankhwala, anaika dripi. Tsiku lotuluka lija linafika n'kudutsa. Zovala zopinda bwino zija zinakhala m'chikwama pansi pa bedi, ndipo palibe anazitchulanso.

Kamatironi anasiya kulamula. Mabulangete ankagwa popanda wonena. Adokotala ankaiwala cholembera popanda wowaopseza. Azimayi anayamba kulankhula monong'ona, ndipo dzina loti "amake Kamatironi" linazimirira lokha. Manja ndi mapazi a mwana anayamba kuzizira pamene mutu unkatentha. Anamuika chubu cha mpweya m'mphuno. Atelala anaika pansi singano ndi ulusi, n'kumangogwira kadzanja ka mwana wawo.

Nanga Liwiro? Iye anadzipezera ntchito zina. Nthawi ya majakisoni ikakwana, ankapezeka akutaya zonyansa, akuyalula mabedi, akuperekeza wodwala kokajambulidwa m'thupi. Thumba lakale lija silinathe msanga, ndipo anamwino ena anapitiriza kupopamo. Iye ankaona, n'kuyang'ana kumbali. Ankaganiza kuti manja ake akapanda kulikhudza ndiye kuti mlandu wachepa.

Chakudya chinamukanika. Akafika pa bedi la pa zenera ankayenda mofulumira, maso pansi. Atelala anazindikira, koma anamva molakwika.

"Anesi aang'ono, musamadandaule chonchi," anamuuza. "Mwachita mbali yanu. Mwanayu ndi wolimba, anatengera mayi ake."

Mawu amenewa anamupweteka kuposa kutukwanidwa. Anakalowa m'chipinda chochapira n'kutsegula mpopi kuti asamveke akulira.

5. Ku ng'anjo kapena ku labu

Yankho la ku labu linabwera ndi mwini wake. Anali bambo wachikulire wa dazi, wovala magalasi okhuthala, amene sankatuluka kawirikawiri m'chipinda chake. Anaitana adokotala, Sisita ndi anamwino onse pa tebulo la pakati pa wodi.

"Magazi a ana atatu aja amera tizilombo," anatero. "Wa mwendo, khanda lija, ndi uyu wa pa zenera. Anabwera ndi matenda osiyana, koma bakiteriya ndi mmodzi yemweyo. Ndi wa mtundu wokonda malo onyowa, ndipo mankhwala ambiri amene tili nawo sawamva. Sanabwere naye kunyumba. Pali chinthu chimodzi chimene ana onsewa anagawana muno. Masana ano tibwera kudzayeza mipopi, mabotolo, thonje, chilichonse. Chonde musasunthe kanthu."

Anamwino anayang'anizana, kenako aliyense anapeza choyang'ana pansi.

Bambo aja atangotuluka, Sisita anakodola Liwiro n'kulowa naye m'chipinda cha mankhwala. Anatseka chitseko. Anachotsa thumba pa msomali n'kulikulunga m'pulasitiki yakuda.

"Kataye ku ng'anjo. Uonetsetse kuti lapsa."

"Koma Sisita, anena kuti tisasunthe..."

"Ndamva zimene anena!" Mawu awo anasweka. Anakhala pa mpando n'kuvula magalasi. "Kuyambira lero tizitsegula latsopano, kaya zisowe. Sitidzachitanso. Vuto latha, nanga n'kuliperekeranji? Libweza ana aja? Mwanawe, ine ndimati ndikupulumutsa ana. Moyo wanga wonse ndathera m'wodi muno, ndatsala pang'ono kupuma. Akalipeza thumbali sadzafunsa za galimoto imene sinabwere. Adzafunsa amene anakhoma msomali, ndi amene anagwira sirinji. Ukundimva? Ndi iwe yemwe."

Liwiro anali asanawaonepo Sisita akulira. Anawamvera chisoni chenicheni. Analandira pulasitikiyo.

Njira yotulukira inkadutsa pa zenera. Kamatironi anali maso, koma maso ake anali olemera. Anasuntha milomo. Liwiro anawerama.

"Anti... mawa ndituluka?"

"Ugone kaye, bwana," anayankha Liwiro. Bodza loti inde linamukanika.

Kuseri kwa wodi, khonde linkagawikana. Mbali ina linkatsikira ku ng'anjo yowotchera zinyalala, kumene utsi unkafuka kale. Mbali ina linkapita ku labu. Liwiro anaima pa mphambanoyo thumba lili m'manja. Linali lopepuka ngati mulibe kanthu.

Sisita ananena zoona kuti m'wodi ya ana vuto latha. Koma ku wodi ya azimayi kunali msomali. Kochirira kunali msomali. Thumba ili likapsa, a ku labu akanataya masiku akukanda mipopi, pamene amalume ena akupitiriza kugawa madzi.

Kwa nthawi yoyamba chifikireni pachipatalapo, Liwiro sanathamange. Anayenda pang'onopang'ono mpaka anagogoda pa chitseko cha labu.

Bambo a dazi aja anafunyulula pulasitiki, anaona pulasitala wakuda uja, n'kumuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ichi n'chiyani?"

Liwiro anafotokoza zonse. Za timabotolo totha, za msomali, za mawodi ena. Pomaliza anati, "Wa pa zenera uja ndinamutsuka ndine. Ndinkadziwa kuti si bwino."

Bambowo anavala magolovesi n'kuika thumbalo m'mbale yachitsulo.

"Mwana wanga, sindikunamiza. Wachedwa. Ukanabwera nalo tsiku limene mtima wako unakana, tikanakhala tikukamba zina. Ine ndakalambira m'chipinda chino, ndipo ndaona kuti tizilombo sitibisala tokha, amatibisa ndi anthu. Wina amaopa bwana, wina amaopa manyazi, wina akuti si ntchito yanga. Pamene anthu akuopana, ito tikuswana. Uzikumbukira kuwawa kumene ukumvaku, usakutaye. Koma udziwenso kuti lero kuli ana amene sadzalandira madzi amenewa chifukwa wabwera. Pukuta nkhope. Ukubwerera kumene sakakulandira bwino."

Sanalakwitse. Dzuwa lisanalowe, akuluakulu a chipatala anazungulira mawodi onse n'kuzula misomali. Sisita anaitanidwa ku ofesi ndipo anakhalitsako. Liwiro atalowa m'chipinda chopumira, anamwino anasiya kulankhula. Wina anasuntha kapu yake ya tiyi. Wina anang'ung'udza kuti, "Akazitape ayamba kuvala yunifolomu."

6. Funso la atelala

Ku labu anapeza mankhwala amene bakiteriya uja ankawamva, ndipo chipatala chinatumiza munthu kukawafuna kwina. Anafika. Koma anapeza thupi la mwana litatopa kale.

Kamatironi anamwalira m'mawa, nthawi imene wodi imakolopedwa, dzuwa likulowa bwinobwino pa zenera lake. Anangopuma mozama, n'kudikira, n'kupumanso, kenako osapumanso. Adokotala anachotsa chubu cha mpweya ndi manja awo, n'kukoka makatani.

Atelala sanakuwe. Azimayi ndi amene analira m'malo mwawo, wodi yonse, ngakhale amene anangofika dzulo lake. Bambowo anapempha madzi m'beseni. Anamupukuta mwana wawo kumaso, anamupesa tsitsi monga ankachitira masiku onse, n'kumuwongola miyendo. Anamwino atafuna kuthandiza, anati, "Ayi, zikomo. Ndinazolowera."

Liwiro sanathe kuonerera. Anatulukira khomo la kuseri n'kukakhala pa mwala pafupi ndi zingwe zoyanikira nsalu. Analira mpaka mutu unamuwawa. Ankalirira mwana uja, ndipo ankadzidanso yekha.

Anamva mapazi. Atadzutsa mutu anaona atelala ataima patsogolo pake, chikwama chili paphewa. Pa masiku ochepawo anali atakalamba.

Liwiro anadzambatuka.

"Khalani, anesi aang'ono, khalani. Ndimakufunani. Sindikanachoka osakuthokozani. Mwana wanga anakukondani kwambiri. Kunyumba kulibe munthu wamkazi, ndiye inu ankakuonani ngati mkulu wake. Mulungu akudalitseni manja anuwo."

Liwiro anabisa manja kumbuyo. Akanakonda bambowo akanamumenya.

Atelala anasuntha chikwama n'kuchiika paphewa lina. Anayang'ana nsalu zoyanikidwa, kenako anamuyang'ana iye.

"Koma pali chinthu chikundivuta. Mwana wanga anali atachira. Ndinamva ndi makutu anga adokotala akunena kuti chifuwa chayera. Lero akundiuza kuti ndi tizilombo m'magazi. Ndafunsa kuti tinalowa bwanji, aliyense akungoti akufufuza. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma ndikudziwa kuti kunyumba sitinabwere nato. Kumudzi akandifunsa, ndikayankha chiyani? Inu munali naye tsiku lililonse, ndipo simunandinamizepo. Tandiuzani, mwana wanga wafa ndi chiyani?"

Pamenepo chitseko cha kuseri chinalira. Sisita anatulukira pa khonde, opanda chipewa, maso ofiira. Anaona awiriwo ndipo anaima. Maso awo ankapempha Liwiro kuti asanene.

Mantha aja anabwera monga mwa masiku onse. Liwiro anawasiya kuti amugwire, koma sanatseke pakamwa.

"Bambo," anatero, "musandidalitse kaye. Khalani pansi. Ndikuuzani zonse, ndipo mukamva mwina simudzafunanso kundiona."

Atelala anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatula chikwama n'kukhala pa mwala paja. Kumbuyo kwawo, Sisita anayamba kutsika masitepe, kulunjika pamene panali awiriwo.